Maondo a Apongozi

Germiston
12 Febuluwale 1995

Nabanda mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi mwana wathu Tadala. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chimene fumbi la ulusi limatipatsa tonse a m'fakitale muno. Kalata yako ndinalandira kwa Binali, lole yake itangofika Lachiwiri. Ukuti Tadala wayamba kuyenda. Ayende ndithu, koma asatengere bambo wake.

Ndaika marandi mazana awiri. Binali akakusinthira pa Mwanza, kumeneko ndiko amasintha bwino. Chimanga ugule thumba limodzi lokha, mwezi uno ogulitsa onse ndi akuba. Zotsalazo usunge mpaka anthu akolole. Amalume ako akabwera ndi nkhope yachisoni ija, uwapatse madzi akumwa.

Wafunsa ngati ndikadali pa makina. Ndikadali. Munthu amene ndinawerenga zachuma zaka zitatu ku Zomba, lero ndimaima tsiku lonse kuyang'ana ulusi wa nailoni ukuzungulira. Anzanga amene anatseka pakamwa mu 92 muja ali m'magalimoto a boma, akutiphunzitsa demokalase pa wailesi. Ine amene ndinatsegula pakamwa ndili pano. Basi, tizisiye.

Kuno zinthu zayamba kutentha. Bungwe la antchito, lomwe amati yuniyoni, likufuna kuti malipiro akwere. Poti Chingelezi cha atsogoleri ake n'chothyokathyoka, makalata awo ndimalemba ndine, ndipo Lachinayi anandilowetsa m'chipinda chokambirana. Mzungu wamkulu wa kampani, Fourie, anamvetsera uku akuseweretsa cholembera. Kenako anati, "Ndili ndi shedi kunyanja ku Malawi. Anthu makumi asanu ndi limodzi amandisokera maukonde mwezi wathunthu pa ndalama imene inu mumadya masiku atatu, ndipo amathokoza. Mukandivuta, makina awa ndikweza pa lole, apite kumeneko."

Shedi akunenayo ndi ya ku Maganga konko, kumene bambo ako ali mkulu wa osoka maukonde. Maso onse m'chipindamo anagwera pa ine, Mmalawi yekhayo pafakitale pano. Sindinanene kuti ndinakwatira kumeneko.

Upereke moni kwa apongozi onse awiri.

Mwamuna wako,
Patson


Germiston
9 Malichi 1995

Nabanda,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Mu envulopu muno mulibe kanthu, usavutike kuikutumula. Sitalaka inayamba Lolemba, ndipo wonyanyala ntchito salandira. Geni yako ya usipa usaisiye.

Tsiku lachiwiri anthu asanu anayesa kulowa pageti kuti akagwire ntchito. Otere kuno amawatcha makoswe. Anayi anathawa. Wachisanu, bambo wina wa ku Mozambique, anamugoneka pamsewu n'kumuthyola mikono yonse iwiri ndi chitsulo chomasulira matayala, dzuwa lili pamutu, alonda a kampani akuonerera mkati mwa mpanda. Amene amatsogolera anthu a zibonga ndi Bhekani, munthu woseka kwambiri. Atamaliza anabwera kwa ine akupukuta manja pa ovolosi. Anati, "Iwe Mnyasa, makoswe aakulu ndi abale ako a kunyanja aja. Iwowo ali kutali. Koma iwe tili nawe pano." Anaseka, ine ndinasekanso.

Ndiye pamsonkhano wa dzulo ndinaimirira. Ndinawauza kuti Malawi wa lero si wakale, mabungwe a antchito amasuka, ndipo a ku Maganga anasankha wapampando wawo pa Khrisimasi. Ndinati muitaneni adzakhale patebulo limodzi ndi inu. Akadzanena pamaso pa Fourie kuti kwathu sitilandira makinawo, chikwapu cha mzunguyu chathyoka. Moloi, mtsogoleri wathu, munthu wanzeru ndithu ngakhale sukulu anailekeza panjira kuposa ine, anaomba patebulo n'kuti zitero. Fourie naye wavomera msangamsanga, mpaka wati pasipoti ndi ulendo alipira yekha. Ndikudziwa chifukwa chake. Iye amati Mmalawi ali ndi liwu limodzi lokha, inde bwana.

Wapampando ameneyo ndi bambo ako, a Mose Gwaza. Kalata yowaitana ili ndi Binali. Ndikudziwa adzati akalamba, amayi adzalira, amalume ako adzati mkamwini wayamba misala. Uwanyengerere, Nabanda. Akumva iwe. Ndi sabata imodzi yokha, ndipo ndidzakhala pambali pawo ngati womasulira kuyambira potsika lole mpaka pokwera. Palibe adzawakhudze. Zimenezo ndikukulonjeza.

Sindibisa, ndikufunanso adzandione. Pa ukwati wa Fanny, mng'ono wako, bambo ako anauza anthu kuti mkamwini wawo anaphunzira kwambiri mpaka anaiwala kumaliza, bwalo lonse n'kuseka. Abwere adzaone azungu akudikira kuti ndimalize kulankhula.

Patson


Germiston
27 Malichi 1995

Nabanda,

Moni. Ndili bwino. Iyi ndaiponya pa positi chifukwa Binali ali kale panjira yobwera kumeneko, ndipo nkhaniyi singadikire.

Ndamva kuti bambo avomera. Zikomo. Tsono pali chinthu choti uwauze asanakwere lole, ndipo uwauze mosazungulira.

Akafika kuno asagwade. Pamaso pa mzungu asavule chipewa n'kuchigwirizira pachifuwa. Asaombe m'manja, asanene kuti bwana. Akapatsidwa kanthu, kaya ndi kapu ya tiyi, alandire ndi dzanja limodzi ataimirira. Ndinawaona ndi maso anga pashedi paja tsiku la malipiro, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, atagwada pamchenga kulandira ndalama yake yomwe kwa kalaliki wa msinkhu wanga. Kwathu umenewo timati ulemu. Anthu a kuno anaika abale awo m'manda kuti asadzagwadirenso mzungu, ndipo munthu wogwada samufunsa kuti kwanu n'kuti.

Ine sindingawauze zimenezi. Mkamwini angaphunzitse apongozi ake kaimidwe? Ndingayambire pati? Munthu amene tikakumana panjira ndimapatukira kuthengo? Uwauze iwe, kapena utume amayi.

Sabata yachinayi ino. Lachisanu alonda anaombera zipolopolo za labala pageti, mayi wina wa kopakira katundu diso linaphulika. Loweruka anthu a Bhekani anatentha galimoto ya kalaliki wa malipiro, mwini wake anamudula khutu. M'nyumba zogona antchito anthu ayamba kugawana buledi mmodzi anthu asanu. Njala ikafika apa imafuna munthu woti imuloze chala.

Uwapatse jekete yokhuthala, kuno kwayamba kuzizira.

Patson


Germiston
11 Epulo 1995

Nabanda wanga,

Moni wa chimwemwe. Bambo anafika Lamlungu ali bwino, miyendo yokha ndiyo inatupa ndi ulendo. Mpunga ndi chambo chouma ndalandira, fungo lake lasonkhanitsa anthu pakhomo panga ngati pamaliro.

Kalata yako sikutchula kanthu za ija ndinaponya pa positi. Ndinafunsa bambo ngati kunafika kalata asananyamuke, anati ayi. Positi ya kwathu, boma lasintha koma kamba ndi yemwe uja.

Ndawapatsa bedi langa, ine ndikugona kwa Moloi. Anzanga akundiseka kuti ndikamalankhula ndi nkhalambayi ndimakhala pansi n'kuyang'ana kukhoma, ndipo ikamadya ndimatuluka. Bhekani anati, "Kodi ameneyu ndi apongozi ako kapena ndi Mulungu?" Nkhani ya kugwada ija ndinayesa kutuma Binali. Anagwira pakamwa. Anati, "Wallahi, a Patson, ine ndikauze munthu wamkulu ngati uja kuti achepetse ulemu? Kanene wekha." Anakwera lole n'kupita ku Durban kukatenga katundu. Dzulo m'mawa ndinayesa ndekha. Ndinati, "Bambo, anthu a kuno khalidwe lawo ndi lina." Iwo anati, "Ndawaona, a Patson, ndi aphokoso. Ife tingosunga ulemu wathu."

Koma imva zimene zachitika lero. Tinakhala patebulo, azungu anayi uko, ife asanu ndi mmodzi uku. Fourie anamwetulira n'kunena kuti, "Mose, mnzanga wakale, ndikabweretsa makina ku Maganga, ntchito ichuluka. Anthu ako akondwa, si choncho?"

Bambo anati, "Bwana, ife ndife ana a asodzi. Khoka la mnzako likakodwa pamwala, suthamangira kukaponya lako pomwepo. Umayamba wamuthandiza kuwonjola. Makinawo akabwera anzathu awa akulira, adzachita dzimbiri pamchenga. Ndafunsa anthu anga mmodzimmodzi ndisananyamuke. Palibe adzawagwire."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, kupatula bwana, amene ndinamumeza. Sanalekere pomwepo. Anaika manja awo patebulo kuti azungu aone mmene nailoni inadulira zala, n'kunena kuti malipiro a ku Maganga akwere limodzi ndi a kuno, ndipo kampani ilembe papepala kuti bungwe lawo ikulidziwa. Fourie anafiira ngati nyama ya pambedza. Titatuluka Moloi anawakumbatira, iwo anangouma gwa ngati mtengo.

Nabanda, bambo ako ndi mwamuna. Ine ndi mabuku anga onse sindikanatha kunena zimene ananena. Usawauze kuti ndatero.

Mawa tikamaliza. Loweruka akwera lole. Mwina ndinada nkhawa pachabe.

Patson


Germiston
15 Epulo 1995

Nabanda,

Moni. Zilembo zapotoka chifukwa ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Binali akubwera yekha. Bambo atsala kuno, ali m'chipatala. Anavulala m'mutu Lachitatu. Akupuma, madokotala akuwaona, ine ndili pomwepo tsiku lililonse. Amayi ungowauza kuti zokambirana zatalika.

Binali usamufunse zambiri, sanalipo. Ndidzalemba.

Patson


Germiston
23 Epulo 1995

Nabanda,

Ndikupatsa moni ngakhale ndikudziwa kuti moni wanga sukuufuna. Mkono wanga wamanja uli mu pulasitala, unathyoka pawiri. Bambo akadali m'chipatala. Ndikuuza zonse, kuti usadzazimve kwa anthu ozikometsera.

Lachitatu lija tinakumana mu ofesi ya pansi, ya mawindo aakulu oyang'ana kugeti. Kunja kwa mpanda kunali anthu ngati mazana atatu, akuimba, akutiyang'ana ngati nsomba za m'botolo. Pofika masana Fourie anagonja pa mfundo imodzi. Anasaina pepala lovomereza bungwe la ku Maganga. Analipinda, n'kuliika mu envulopu ya khaki, n'kuzungulira tebulo kudzawapatsa bambo pamanja. Kaya anachitira dala, kaya ayi, ndaganiza mpaka mutu kuwawa.

Bambo anaimirira. Anavula chipewa. Ndinaona bondo likuyamba kupinda.

Ndinali pambali pawo penipeni. Kukanangotengera kuwagwira pachigongono n'kuwakweza. Dzanja langa silinanyamuke, Nabanda. Zaka zinayi ndili pabanja panu sindinawagwirepo thupi, ndipo dzanjalo linakumbukira zimenezo m'malo mokumbukira kumene tinali. Anagwada maondo onse awiri, n'kulandira envulopu ndi manja awiri, mutu uli pansi.

Kunja nyimbo inaduka. Kenako munthu mmodzi anakuwa kuti wagulidwa, ndipo mpanda wonse unayamba kugwedezeka.

Moloi anapempha kuti tidikire mkatimo. Mkulu wa alonda anati ofesi ikutsekedwa nthawi ya nkhomaliro, n'kutiperekeza mpaka pageti, n'kutseka kumbuyo kwathu. Moloi anakwera pa mgolo kuti afotokoze. Asanamalize mawu atatu mwala unamuphwanya pakamwa, mano anagwera pamalaya. Bhekani anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Bweretsa ndalamazo, khoswe." Ine ndinakuwa m'Chizulu kuti mulibe ndalama, tsegulani muone. Ndinatembenukira kwa bambo n'kuti, "Apatseni, bambo, apatseni!" Koma iwo anaganiza kuti anthuwo akufuna kung'amba pepala lija. Analowetsa envulopu m'jekete n'kuikumbatira, akunena m'Chichewa kuti, "Ichi n'cha anthu a kwathu, ichi n'cha anthu a kwathu." Ndani akanawamva? Anthu anangoona nkhalamba ikubisa envulopu ya mzungu.

Chibonga choyamba chinawapeza pakhutu. Anagwa chammbali. Chitsulo chija chinatsika kawiri ndisanafike. Ndinadzigwetsa pamwamba pawo, kachitatu ndi kachinayi chinatera pa ine. Anandikoka miyendo, n'kung'amba jekete, n'kutsegula envulopu. Bhekani anaikutumula, anasuzumiramo, anaikutumulanso. Munagwa pepala limodzi. Wina analitola n'kuyamba kuwerenga mokweza, ndipo asanafike pakati, anthu anali atayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Ndinawabereka kumsana ndi mkono umodzi mpaka pamsewu waukulu. Magalimoto asanu ndi awiri anatidutsa. Magazi awo ankalowa m'kolala yanga, ofunda.

Anatsitsimuka Lachinayi lapitali. Mawu oyamba anafunsa ngati pepala lilipo. Ndinawaonetsa, lili ndi magazi pakona koma siginecha ikuoneka. Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "A Patson, kodi ndinalakwa chiyani kwa anthu aja?"

Ndinati, "Simunalakwe, bambo."

Anati, "Nanga mwina Chingelezi chanu chinawapsetsa mtima?"

Ndinati mwina ndi chimenecho.

Sakuona ndi diso lamanzere, ndipo dzulo ananditcha dzina la mchimwene wako amene anamira ku Mbenji. Dokotala akuti tidikire. Amayi uwauze tsopano.

Patson


Germiston
2 Meyi 1995

Nabanda,

Telegalamu unalandira, ndiye palibe chimene ndingakubisire. Anatisiya Lamlungu m'mawa, belu la tchalitchi cha pafupi ndi chipatala likulira. Sanavutike pomaliza. Ndinawatseka maso ndine. Kalata iyi ndapatsira munthu wa ku Nkhotakota amene akukwera basi lero, kuti itsogole.

Sitalaka inatha Lachisanu, bambo akadali moyo, koma sanamve. Mutu wa nkhalamba utaphwanyika pageti pake, Fourie anaopa manyuzipepala, ndipo a yuniyoni anaopa manyazi. Zimene zinakanika masabata asanu ndi awiri zinatheka m'maola atatu. A kuno awonjezeredwa. Makina sachoka. A ku Maganga nawonso awonjezeredwa, ndipo kuyambira chaka chamawa wapampando wawo azidzakhala nawo patebulo nthawi zonse. Akuluakulu a yuniyoni anabwera kuchokera m'tauni atavala masuti, n'kunena kuti pangano lodumpha malire ngati ili silinaonekepo. Anandipempha ndiwalembere mawu okanena pa mwambo wa maliro. Ndinawakanira, n'kuwauza kumene angakaike mawu awowo.

Dzulo anachita mapemphero pageti pomwe paja. Anthu mazana atatu omwe aja, nyimbo zokoma zedi. Bhekani anali mzere wachiwiri, chipewa chili m'manja. Palibe wamangidwa, poti palibe anaona kanthu. Moloi yekha ndiye anabwera kwa ine, pakamwa posokedwa, n'kulira osatha kulankhula. Bokosi agula ndi a yuniyoni. Fourie wapereka lole ulere, akuti ndi chisoni chake. Bambo abwera pakati pa mabelo a ulusi.

Pofika lero kalata yanga ya pa positi ija iyenera kuti inakupeza. Usaiwerengere anthu pofuna kunditeteza. Ndinakhala nawo masiku atatu athunthu, pakamwa ndili napo. Ndinatukwanapo akuluakulu a boma pamsewu ku Zomba, ndinayankhapo azungu m'Chingelezi chawo chomwe, koma ndinalephera kuuza munthu mmodzi mawu awiri. Ndipo amene anawaitana ndine, pa chifukwa chimene ukuchidziwa.

Ndikubwera nawo. Ntchito ndasiya, ndipo poti ndinalowa muno wopanda mapepala, ndikatuluka ndatuluka. Amalume ako adzati ndichoke pamudzi. Mphamvu ali nazo, ine ndine wobwera, sindidzatsutsa. Uwapemphe chinthu chimodzi chokha, kuti andilole ndifike kumanda, ndipo m'mawa mwake ndikapereke pepala lija kushedi. Zikatha zimenezo ndidzanyamula chikwama changa. Za iwe ndi ine, ndi za Tadala, udzanena ndiwe. Ukadzandiona pabwalo usadzikakamize kundipatsa moni.

Bokosi lisadzatsegulidwe pamaso pa amayi. Akulu a mpingo aone okha, adzamvetsa chifukwa chake.

Tinyamuka Lachinayi. Malire akapanda kutichedwetsa, tifika Lolemba chakumasana. Lole singalowe njira ya kwanu chifukwa cha mchenga, ndiye Binali adzaima pamphambano n'kuliza hutala katatu. Utumize amuna asanu ndi mmodzi kumsewu. Ine ndatsala ndi mkono umodzi.

Patson